Mafilimu Omwe Ekita Amafa

Mwana aliyense wa pa Mpamba amene adalowapo m'vidiyo sho amadziwa lamulo limodzi lomwe palibe adachita kumuphunzitsa: ekita safa. Amulase ndi zipolopolo, amumange unyolo n'kumuponya m'madzi, ana a pabenchi lakutsogolo sagwidwa nkhawa. Amangodikira nthawi yoti adzuke ayambe kubweza. DJ womasulira m'Chichewa nayenso lamuloli amalidziwa, n'chifukwa chake amawaseka adani aja pamene iwo akuyesa kuti apambana.

Dzinja lathali, usiku wina magetsi atathima, ndidatsegula laputopu pakhonde n'kuonetsa ana a mlongo wanga filimu ya mu 1931, The Public Enemy, ine ndikumasulira. Poyamba adadandaula kuti chithunzi n'chakuda ndi choyera basi. Pasadathe mphindi khumi kudandaulako kudatha. Filimu itafika kumapeto padangoti zii, kenaka wamng'ono pa onse adafunsa: "Asibweni, ekita wafadi?" Ndidati wafadi. Adafunsanso ngati ilipo pati 2. Ndidati palibe. Adakhala nthawi yaitali akuyang'ana sikirini yakuda.

Funso la mwanayo ndi lomwe landilembetsa nkhaniyi. Ndasonkhanitsa mafilimu a zaupandu a ku America, a pakati pa 1912 ndi 1948, omwe adaposa anzake pa china chake. Zina ndi mbiri yolembedwa. Zina ndi kuona kwanga, ndipo pomwe ndikuweruza ndekha ndinena poyera.

Oyambirira

Odziwa mbiri ya kanema ambiri amati filimu yoyamba ya zigawenga za m'tauni ndi The Musketeers of Pig Alley, yomwe D. W. Griffith adakonza mu 1912. Ndi ya mphindi ngati 17, yopanda mawu, ndipo idajambulidwa cha ku New York, makampani a kanema asadakhazikike ku Hollywood. Mnyamata woimba, mmphawi, alandidwa kandalama kake konse ndi mbava yotchedwa Snapper Kid. Mbava yomweyo ipulumutsa mkazi wa woimbayo kwa chigawenga china chomwe chamuthirira mankhwala m'chakumwa. Apolisi atabwera, banja lija linama kuti liteteze mbavayo. Kuyambira pachiyambi pomwe, wakuba wa m'mafilimuwa sadali chilombo cha kutchire. Adali mnyamata wa m'dera lomwelo, woti lero wakubera, mawa wakunyamula kupita nawe kuchipatala, anthu n'kumasowa chomuchita.

Filimu yaitali yoyamba ya mtunduwu ndi Regeneration ya Raoul Walsh, ya mu 1915, yojambulidwa m'makwalala a anthu osauka ku Bowery, ndipo ambiri ooneka m'menemo adali eni makwalalawo. Imayamba ndi imfa ya mayi, kamnyamata ka zaka 10 n'kutsala kokha. Mphotho za Oscar zitaperekedwa koyamba pa 16 May 1929, ya wolemba nkhani yatsopano idapita kwa Ben Hecht, yemwe kale adali mtolankhani ku Chicago, chifukwa cha Underworld ya mu 1927.

Yoyamba kulankhula, yopindulanso mosayembekezeka

Ambiri amatchula The Jazz Singer ya mu 1927 ngati filimu yoyamba ya mawu, koma imeneyo imangolankhula apo ndi apo. Yoyamba kulankhula kuchokera poyambira mpaka pothera ndi ya zaupandu: Lights of New York, ya kampani ya Warner Bros., yotuluka mu July 1928. Ndi ya mphindi 57. Idadya madola 23,000, n'kubweretsa oposa miliyoni imodzi. Mukamaionera lero muona osewera ataunjikana mozungulira telefoni ya patebulo, akulankhula mochedwa ngati akuwerenga kalata. Maikolofoni adali atabisidwa pamenepo, ndipo woyenda patali mawu ake samamveka.

Luso lake ndi lofooka, sindibisa. Koma nkhani yake ndi yakwathu. Anyamata awiri a m'katauni kakang'ono anyengedwa ndi alendo ovala bwino kuti ku New York kuli shopu yometera yopindulitsa. Mmodzi atenga ndalama zomwe mayi ake adasunga. Atafika kumzinda apeza kuti shopuyo ndi chophimba chabe, kuseri kwake kukugulitsidwa mowa woletsedwa.

Mowa ndiwo udabala mafilimu onsewa. Kuyambira January 1920 mpaka December 1933, lamulo la ku America lidaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa. Ludzu silidathe ayi. Malonda adangochoka m'manja mwa olipira msonkho n'kupita kwa onyamula mfuti. Ife tidaonako pang'ono boma litaletsa mowa wa m'masacheti: anyamata sadasiye kumwa, mowa udangosamukira m'timabotolo. Ku Chicago zidafika poipa kwambiri. Pa 14 February 1929 amuna asanu ndi awiri adaimikidwa kukhoma la garaja n'kuwomberedwa onse. Al Capone, yemwe dziko lonse lidamuloza chala pa imfazo, adamangidwa mu 1931 pa mlandu wozemba msonkho, n'kugamulidwa zaka 11. Anthu amawerenga zimenezi m'nyuzi m'mawa, madzulo n'kukaziona pakanema.

Yomwe idavutitsa akuluakulu kuposa zonse

Pakati pa January 1931 ndi 1932 padatuluka mafilimu atatu omwe mpaka lero ndiwo mafuwa a mtunduwu: Little Caesar ya Edward G. Robinson, The Public Enemy ya James Cagney, ndi Scarface ya Paul Muni. Yachitatuyi ndiyo idakumana ndi mikwingwirima. Ben Hecht adailemba m'masiku 11, Howard Hawks adaiwongolera, ndalama zidali za Howard Hughes. Aliyense adadziwa kuti Tony Camonte wa chipsera patsaya ndi Capone. Ofesi ya Will Hays, younika mafilimu, idaigwira kwa miyezi yambiri. Idalamula kuti awonjezere mawu odzudzula zigawenga, ngakhalenso kujambula mathero ena oti Tony aweruzidwe n'kunyongedwa. Pambuyo pake Hughes adaichotsa pamsika, ndipo idabwereranso mu 1979, iye atamwalira. Scarface ya Al Pacino ya mu 1983, yomwe anyamata ambiri akuno adaionerapo, ndi mwana wa imeneyi.

Mukaipeza, yang'anitsitsani chizindikiro cha X. Hawks adachiika pafupi ndi aliyense woti afe posachedwa: pa denga la garaja, pa chitseko, pa pepala lolembapo zigoli za masewera. Koma chomwe chimakhalitsa mumtima si mfuti. Ndi nsanje ya Tony pa mlongo wake Cesca, nsanje yomuphetsa bwenzi lake lapamtima atalipeza m'nyumba imodzi ndi mtsikanayo, osadziwa kuti awiriwo adali atakwatirana.

Kuyambira pa 1 July 1934 malamulo ounikira mafilimu adayamba kugwira ntchito mosanyengerera, pansi pa Joseph Breen, ndipo adakhalapo mpaka 1968. Wolakwa amayenera kulandira chilango woonera akuona. Makampani adapeza njira: mu 1935 Cagney yemwe uja adamupatsa mfuti yomweyo koma ali wapolisi, mu G Men. Komabe m'kati mwa malamulo omwewo mudatuluka mathero omwe anthu akukanganabe nawo, a Angels with Dirty Faces ya mu 1938. Ana awiri apezedwa akuba m'bogi la sitima. Wina ndi waliwiro, athawa, adzakhala wansembe. Mnzake agwidwa, akulira m'ndende, adzakhala chigawenga chotchuka chomwe ana a m'makwalala akuchitamanda. Ataweruzidwa kuti aphedwe pampando wamagetsi, wansembe uja amupempha chinthu chimodzi: afe ngati wamantha, kuti ana aja aleke kumusirira. Iye akana. Koma atafika pampandowo ayamba kulira ndi kukuwa, ife tikungoona chithunzithunzi chake pakhoma. Kodi adachitadi mantha, kapena adapereka dzina lake nsembe chifukwa cha ana? Filimu siyankha. Ine ndimakhulupirira kuti adachita dala.

Mathero opweteka kuposa onse

Apa ndikuweruza ndekha, ndipo ndibwerera ku filimu ya pakhonde ija.

The Public Enemy ili ndi mbiri zingapo. William Wellman adayamba kujambula Cagney ali ngati mnzake wa ekita, koma ataona momwe mnyamatayo amadzazira chithunzi adawasinthanitsa ndi Edward Woods. Pamalo pomwe Tom Powers, yemwe ndi Cagney, abisala pakona ya nyumba zipolopolo zikugumula khoma, zipolopolozo zidali zenizeni. Katswiri wa mfuti amaombera khomalo, Cagney ali pafupi pomwepo. Muli malo enanso otchuka, pomwe Tom apaka chibwenzi chake chipatso cha manyumwa kumaso pa nthawi ya kadzutsa. Kwa zaka zambiri anthu amaseka pamenepa. Ine sindiseka. Nkhope ya Mae Clarke, wosewera chibwenzicho, pamalo amenewo ndi ya mkazi aliyense amene adanyozedwa m'nyumba n'kusowa kopita, ndipo ana a mlongo wanga ndidawauza zomwezo.

Koma mtima wa filimuyi uli kunyumba kwa mayi ake a Tom. Mayiwo ndi wamasiye, ali ndi ana aamuna awiri. Mike, wamkulu, amagwira ntchito ya malipiro ochepa, amaphunzira usiku, adapitanso kunkhondo. Tom amabwera ndi suti yatsopano, galimoto, ndi mpukutu wa ndalama woti apatse mayi ake. Mike akana ndalamazo, akuti zili ndi magazi. Mayi ali pakati, safuna kufunsa komwe zachokera, angofuna ana awo adyere pamodzi. Ndani pakati pathu sadziwa nyumba yotere? Malata atsopano padenga, mwana ali kutali, ndipo palibe amene amafunsa kuti kwenikweni amagwira ntchito yanji kumeneko.

Kumapeto Tom awomberedwa mvula ikugwa, agonekedwa m'chipatala, apepesa kwa abale ake. Adani amuba m'chipatalamo. Kenaka telefoni ilira: akumubweretsa kunyumba. Mayi akwera kuchipinda, akuyala bedi la mwana wawo akuimba, galamafoni ikulira pabalaza. Kugogoda pakhomo. Mike atsegula. Tom waima pakhomopo, wokulungidwa m'bulangeti, womangidwa zingwe, mutu uli m'mabandeji. Agwa chafufumimba. Ndi mtembo. Mayi m'mwambamo akuyalabe bedi.

Mlongo wanga adakhala chapatali usiku umenewo, akukonza chinangwa cha kondowole, ndipo ndimayesa sakuonera. Adaika mpeni pansi n'kunena kuti: "Achimwene, ndi mmene amabwerera ana a ku Joni." Sadawonjezere kanthu. Amanena za ngolo zija zokokedwa ndi galimoto, zodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, abale atasonkherana ndalama, n'kufika pamudzi usiku mayi atasesa kale m'chipinda. Si onse obwera choncho adali olakwa. Ambiri adali anyamata olimbikira ntchito omwe adakumana ndi mfuti ya wina. Koma khomo lija ndi lomwelo. Filimu ya zaka zoposa 90, ya m'Chingerezi cha ku Chicago, idamufika mayi wa pa Mpamba popanda ine kumasulira liwu limodzi la mathero ake. Ndikafunsidwa chifukwa chomwe mafilimuwa akadali amoyo, yankho langa ndi limenelo. Mfuti zake ndi zachikale, magalimoto ake ndi oseketsa ana, koma mayi woyala bedi sakalamba.

Yomaliza kuonedwa ndi chigawenga chenicheni

Pa 22 July 1934, John Dillinger, wothyola mabanki yemwe apolisi a dziko lonse la America amamusaka, adalowa m'nyumba ya kanema ya Biograph ku Chicago ndi akazi awiri. Mmodzi mwa iwo, Anna Sage, adali atatsina kale khutu apolisi poyembekezera kuti sadzamubweza kwawo ku Romania. Dillinger atatuluka adawomberedwa n'kufera m'kanjira pafupi pomwepo, ali ndi zaka 31. Mayi uja adabwezedwabe kwawo mu 1936.

Filimu yomwe adaonera usikuwo ndi Manhattan Melodrama, ya Clark Gable, William Powell ndi Myrna Loy. Imayamba ndi ngozi yeniyeni ya sitima yapamadzi ya General Slocum, yomwe idapsa pamtsinje ku New York pa 15 June 1904 n'kupha anthu oposa 1,000, ambiri amayi ndi ana a mpingo omwe amapita kokasangalala. Wobadwira kunyanja kuno akaona chiyambi chimenechi amakumbuka sitima ya Vipya, yomwe idamira pa 30 July 1946 ndi anthu 145. M'filimumo ana awiri otsala amasiye pangozi ya General Slocum akulira limodzi ngati abale. Wina akhala loya wa boma, kenaka bwanamkubwa. Wina akhala wa juga ndi wakupha. Loya azenga mlandu mbale wakeyo mpaka chilango cha imfa, osadziwa kuti munthu wophedwayo adaphedwa pofuna kuteteza dzina la loyayo. Atadziwa, athamangira kundende kuti amuchepetsere chilango, koma winayo akana. Dillinger adaona munthu akupita yekha kokafa, ndipo patangotha mphindi zochepa naye adagona pansi.

Yomwe idafika kufupi ndi kwathu

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a m'boma la Nkhata Bay. Zidatikhudza kale, agogo athu asadabwerere kumudzi.

Dera lino lidatumiza amuna kunja kuposa madera ambiri a Nyasaland. Jaap van Velsen, yemwe adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti amuna oposa theka adali ku ntchito kutali: ku Joni, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya kopa. Kumeneko ndi komwe ambiri adaonera baisikopo koyamba, ndipo liwulo adabwera nalo. Cha m'ma 1920 mmishonale wa ku America, Ray Phillips, adayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg, eni migodi akulipira. Iye mwini amadula malo omwe amaona kuti sayenera anthu akuda. Ogwira ntchito m'migodi adamupatsa Charlie Chaplin dzina loti SiDakwa, ife tingati chidakwa. Ku migodi ya kopa ya Northern Rhodesia anthu adakonda kwambiri mafilimu a makauboyi, ndipo ekita aliyense amangomutchula Jack. Ounika mafilimu a atsamunda amadula kwambiri moti nthawi zina nkhani imasokonekera, Chingerezi chake n'chosamveka, ndiye oonera amakuwa, kufotokozerana, kudzipangira okha nkhani. Ndikamva DJ wa lero akupatsa ekita wa ku China dzina la Chichewa, ndimaona kuti ntchitoyi idayambira pamenepo.

Boma la atsamunda lidayesa kupereka zake. Mu 1948 lidakhazikitsa Central African Film Unit, yokonza mafilimu ophunzitsa anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, monga Mulenga Goes to Town, ya mnyamata wakumudzi yemwe tauni idamulanda zonse. Koma filimu yomwe idasintha kavalidwe ndi kayendedwe ka anyamata idachokera ku Hollywood chaka chomwecho cha 1948: The Street with No Name. Idakonzedwa mothandizana ndi FBI, cholinga chake kutamanda apolisi. Ku Sophiatown ku Joni, komwe kudali nyumba za kanema za Odin ndi Balansky, zidatembenuka. Anthony Sampson, mkonzi wa magazini ya Drum, adalemba momwe matsotsi amakuwizira apolisi a m'filimuyo n'kumaombera m'manja Richard Widmark, mtsogoleri wa zigawenga wotchedwa Stiles, wa chikhoti chachitali, wokonda kudya apozi ndi kununkhiza kabotolo ka mankhwala a chimfine. Anyamata adayamba kuvala ngati iye, kugula timabotolo tomweto. Gulu lina loopsa la kumeneko limadzitcha Americans.

Sindikuwatamanda. Omwe amabayidwa ndi kulandidwa malipiro Lachisanu madzulo adali anthu akuda anzawo, ena mwa iwo amuna ochokera kuno. Koma n'zomveka chifukwa chomwe mnyamata woyenda ndi chitupa cha pasi, yemwe wapolisi kwa iye adali munthu womugwira usiku popanda mlandu, sakadaombera m'manja wapolisi wa pakanema. Okonza filimu adasankha ekita wawo, oonera adasankha wina.

Nkhani yobwerezedwa kuposa zonse

Si onse mafilimuwa ali a amuna ndi mfuti. Madame X, yochokera m'sewero la Mfalansa Alexandre Bisson la mu 1908, idajambulidwa ku America mu 1916, 1920, 1929, 1937 ndi 1966, osawerengera za maiko ena. Mkazi apirikitsidwa ndi mwamuna wake, aletsedwa kuona mwana wake wamwamuna. Zaka zipita, iye alowerera m'mowa. Munthu wina atulukira chinsinsi chake n'kufuna kuchigwiritsa ntchito podyera ndalama banja lija. Mkaziyo amuwombera kuti dzina la mwana wake lisaipe. Kukhoti akana kutchula dzina lake. Loya wachinyamata yemwe boma lamupatsa ndi mwana wake yemwe uja, wosadziwa kuti akuteteza mayi ake. Ruth Chatterton, yemwe adasewera ya mu 1929, adabwereza zofanana nazo mu Frisco Jenny ya mu 1932, koma m'menemo mwanayo ndiye wozenga mlandu, ndipo mayi apita kokanyongedwa osamuuza.

Amayi omwe amadzaza mabenchi kukakhala filimu ya ku Nigeria angailandire nkhani imeneyi ngati yawo. Anthu ophunzira ena amanyoza mafilimu a misozi otere, amati ndi okokomeza. Ine ndikuti afunse mayi amene adasiya ana kwa mwamuna ukwati utatha, kuno komwe ana amatsala kuchimuna, ngati muli kukokomeza m'menemo.

Kukhoti komweko kuli mbiri ina. Mu A Free Soul ya mu 1931, Lionel Barrymore, loya chidakwa, alankhula kwa mphindi 14 kamera osaima, akudziimba yekha mlandu wolera molakwika mwana wake wamkazi, mpaka agwa n'kufa. Mpukutu umodzi wa filimu umangokwana mphindi 10, choncho adagwiritsa ntchito makamera angapo. Buku la Guinness lidalembapo malowa ngati otalika kuposa onse ojambulidwa kamodzin'kamodzi, ndipo Barrymore adalandira Oscar. Chaka cha 1930, Frances Marion adakhala mkazi woyamba kulandira Oscar ya kulemba, chifukwa cha The Big House, filimu ya moyo wa m'ndende ya amuna.

Otayika

Mu 2013 Library of Congress idawerengera mafilimu aatali opanda mawu okwana 10,919 omwe America idakonza pakati pa 1912 ndi 1929, n'kupeza kuti 70 pa 100 aliwonse adatheratu. Mipukutu ya nthawiyo imaola, imayakanso yokha. Moto wa mu July 1937 ku New Jersey udapsereza nkhokwe ya kampani ya Fox. The Racket ya mu 1928 idayesedwa yotayika mpaka idapezeka m'katundu wa Howard Hughes. Otsala aja tsopano akumasuka: ku America umwini wa filimu umatha pakapita zaka 95, n'chifukwa chake Lights of New York ndi anzake akupezeka ulere pa intaneti kwa yemwe ali ndi bandulo.

Chinanso chosowa m'mafilimu a makampani akuluakulu ndi ife. Munthu wakuda amaoneka atanyamula thireyi kapena akutsegula chitseko. Akuda a ku America adadzikonzera awo ndi ndalama zochepa: Oscar Micheaux adatulutsa Murder in Harlem mu 1935, ndipo Dark Manhattan ya Ralph Cooper ya mu 1937 ndi ya zigawenga, osewera onse akuda.

Yofunika kumasuliridwa msanga

Pa onse, imodzi ndiyo ndikufuna imveke m'Chichewa ndi m'Chitonga chaka chino chisadathe. Ndi Fury ya mu 1936, yoyamba yomwe Fritz Lang adakonza ku America atachoka ku Germany ya Hitler. Idatengera zomwe zidachitika ku San Jose, California, mu 1933, pomwe khamu lidathyola ndende n'kupachika amuna awiri pamitengo.

Joe Wilson, yemwe ndi Spencer Tracy, ali paulendo wokakumana ndi bwenzi lake kuti akakwatirane. Apolisi amuimitsa panjira pomuganizira kuti waba mwana. Umboni wake ndi mtedza wa m'thumba mwake ndi ndalama imodzi yapepala. Lang aonetsa momwe mphekesera imayendera: ichoka mometera tsitsi, ifika kwa mkazi wa wometa, ilowa m'khitchini ya mnansi, ipita kugolosale, ifika m'bala, paliponse ikunenepa. Pofika madzulo tauni yonse ikudziwa kuti munthuyo ndi wolakwa. Khamu lipita kundende, amayi atanyamula ana kuti aone bwino, wina akudya uku akuonerera. Ayatsa moto. Nkhope ya Joe ioneka pazenera la zitsulo, bwenzi lake lili m'khamumo.

Tidaziona izi mu 2017, mphekesera za anamapopa zitaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera. Timazimva agogo akaphedwa powaganizira ufiti, kapena wina akakuwa kuti wakuba pamsika tayala n'kupezeka msanga kuposa wapolisi. Ndidaimapo m'khamu lotere ndili mnyamata, sindidaponye mwala, koma sindidatsegulenso pakamwa, ndipo nkhope ya munthu uja ndimaikumbuka.

Tikabwerera ku Fury, muno ekita apulumuka. Joe atuluka m'motomo mobisa, koma wotulukayo si munthu wofatsa uja. Abisala, alola dziko liziti adafa, kuti anthu 22 azengedwe mlandu wakupha. Kukhoti tauni yonse ikana: aliyense adali kunyumba, palibe adaona kanthu. Ndiye loya wa boma azimitsa magetsi n'kuyatsa kanema yemwe atolankhani adajambula tsikulo. Chithunzi chiimitsidwa pa nkhope imodziimodzi: uyu akugumula chitseko, uyu akudula paipi ya ozimitsa moto, mayi uyu akuponya muuni, onse akusekerera. Anthu aja adziona okha. Masiku ano kanema wotere amajambulidwa pafoni ndi wina wa m'khamu lomwelo, n'kuzungulira pa WhatsApp dzuwa lisadalowe.

Ndaikopera pa fulashi. Ndalankhula ndi mnyamata wina wa vidiyo sho pamsika pano, ndipo wavomera kundipatsa Loweruka masana, mpira usadayambe. Iye ayatsa jenereta, ine ndikhala pambali pa sikirini ndi maikolofoni.